Ndinawapatsa zipewa zolimba koma savala, kodi ndiziwadula malipiro?

Funso: Ndine kapitawo pamalo ena ku Lilongwe pomwe tikumanga nyumba yosanjikizana katatu, ndipo ndimayang'anira anthu 25. Mwezi watha hamala inapulumuka m'manja mwa kalipentala pamwamba n'kugwera mu wilibala yomwe mnyamata waganyu ankakankha pansi. Sabata yomweyo wothandizira mmisiri wowotcherera zitsulo kanamulowa kachitsulo m'diso, mnzake n'kumuchotsa ndi kamtengo ka machesi. Abwana anagula zipewa zolimba ndi magalasi, koma anyamata amavala ine ndikakhalapo, ndikangopotoloka avula. Akuti kukutentha, komanso tsoka silinunkha. Ndikuganiza zoyamba kudula malipiro aliyense wopezeka asanavale. Kodi ndikulakwitsa?

Yankho: A kapitawo, kufuna kuti anyamata anu azivala zipewa simukulakwitsa, ndipo za malipirozo ndifikako. Koma ndiloleni ndiyambe ndi hamala ija, chifukwa mwaitchula mongodutsa pamene nkhani yonse yagona pamenepo. Mnyamata wa wilibala uja akanavala chipewa tsiku limenelo, hamala ikanagwabe. Munthu wokankha wilibala amakhala atawerama, ndiye chomwe chimayang'ana kumwamba ndi khosi, mapewa ndi msana, malo omwe chipewa sichifikako. Mafunso oyamba akhale awiri awa: pansi pa kalipentala pankatani munthu, nanga bwanji panalibe chilichonse chogwira hamalayo isanafike pansi?

Anthu ambiri amachikhulupirira chipewa kuposa mmene ochipanga amachikhulupirira. Pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 397, womwe mudzaupeza utadindidwa pa zipewa zambiri zabwino, poyesa amatenga chitsulo cholemera makilogalamu 5 n'kuchigwetsera pamwamba pa chipewa kuchokera mita imodzi yokha. Amatenganso china chosongoka cha makilogalamu 3, kuchokeranso mita imodzi, kuti aone ngati chingaboole. Mphamvu ya chinthu chakugwa imatengera kulemera kwake ndi kutalika kwa pomwe chachokera, choncho masamu ake mungawachite nokha ndi choko pakhoma: chulukitsani makilogalamu ndi mamita. Poyesa paja yankho ndi 5. Hamala ya kilogalamu imodzi ndi theka yochokera pa mamita 7 ikupereka 10 ndi theka, kuwirikiza kawiri. Njerwa yowotcha ya makilogalamu 3 kuchokera pomwepo ikupereka 21. Buloko la simenti la makilogalamu 15, ngakhale litangochokera pa mamita 3, lafika kale pa 45. Sindikunena kuti mukangodutsa pa 5 chipewa chimaphwanyika nthawi yomweyo, ayi, chabwino chimapirira kupitirirapo ndipo chapulumutsa anthu ambiri. Koma kuchokera pamenepo wochipanga sakukulonjezaninso kanthu, ndipo mphamvu yomwe chipewa chalephera kumeza imatsikira m'khosi.

Za kukuwa kuti "Chenjera pansipo!" musadalire. Chinthu chochokera pa mamita 7 chimafika pansi pa sekondi imodzi ndi pang'ono, chikuthamanga liwiro loposa makilomita 40 pa ola. Cha pa mamita 10 chimafika pa liwiro la pafupifupi makilomita 50 pa ola. Munthu akamva kukuwa, choyamba chomwe amachita ndi kudzutsa mutu kuti aone, ndiye kuti wapereka nkhope.

Ntchito yaikulu ili pamwamba, ndipo yambiri siifuna ndalama za abwana. Pitani mukaime pansi pa nsanja yanu masana, aliyense atatsika, muyang'ane m'mwamba. Paliponse pomwe mukuona kuwala pakati pa matabwa, pamenepo padutsa mpeni womangira, sipanala kapena chibenthu cha njerwa. Nsanja zathu zambiri za bulugama zimayalidwa matabwa awiri kapena atatu otalikirana, ongokwanira kupondapo, ndipo m'mphepete mwake simukhala chilichonse. Matabwa agundane, akhomeredwe kapena kumangidwa ndi waya kuti asasunthe, ndipo m'mphepete monse muimike thabwa lina chogoneka cham'mbali, lotalika masentimita osachepera 15 kuchokera pomwe anthu amaponda. Thabwa limenelo ndi lomwe limaimitsa chida chomwe munthu wachikankha ndi phazi osadziwa, ndipo zinthu zambiri zimagwa mwa njira imeneyi. Matabwa otsala pa mashatala, zikombole zothiramo konkire zija, akwanira ntchitoyo. Pomwe amisiri amaunjika njerwa kupitirira thabwa limenelo, tchingani mpata wonse mpaka pa mtengo wogwirira ndi waya wa sefa kapena neti yolimba. Kumbukiraninso mpata wa pakati pa nsanja ndi khoma, womwe ambiri amauiwala chifukwa maso amathamangira kunja. Mabowo omwe mwasiya pa silabu odzadutsa mapaipi avundikiridwe ndi thabwa lokhomerera, osati lata longoyalapo lomwe wina alichotsa mawa.

Kenako zida. Funsani kalipentala uja kuti chinachoka ndi hamala yonse kapena mutu wokha, chifukwa hamala zambiri pamalo omanga zimakhala ndi mutu wogwedera, ndipo mankhwala omwe amisiri amawadziwa ndi kuiviika m'madzi usiku kuti mpini utupe. Dzuwa likawomba mpini umauma, mutu uyambiranso kugwedera. Hamala yotere ifunika mpini watsopano ndi chokhomera chake. Wogwira ntchito m'mphepete kapena padenga aboole kumapeto kwa mpini, alowetsemo kachingwe ka nayiloni n'kukamangirira ku lamba wake, kapena ku nsanja ngati chidacho ndi cholemera. Misomali ikhale m'kachikwama ka m'chiuno. Foni ya m'thumba la malaya nayonso ndi chida chakugwa, munthu akangowerama yapita.

Kuponyerana njerwa, wina pansi wina pamwamba, ndikudziwa kuti anyamata amakunyadira ndipo kumaoneka kofulumira. Pa nyumba yosanjikizana kulekeni. Wowakha akangophethira kamodzi, njerwa ibwerera kwa woponya. Chomwechonso kutsitsa zinyalala poziponya pansi. Tengani migolo yakale, muichotse mbali zonse ziwiri, muilumikize ndi waya kapena tcheni kuchokera pamwamba mpaka pa mulu, pansi pake mutchingepo.

Pa pule pokwezera katundu ndi pomwe ndimachita napo mantha kwambiri. Ndowa ya malita 20 yodzaza konkire yaiwisi imalemera pafupifupi makilogalamu 48, ndipo kawirikawiri imakhala ikulendewera pa chigwiriro chomwe anachipangira kutungira madzi, chitakoledwa pa mbedza yomwe wina wapinda pa chitsulo chotsala. Mbedza yotseguka imamasula ndowa ikangogunda mtengo wa nsanja. Pezani yotseka pakamwa, ndowa ikhale yachitsulo yolimba zigwiriro ndipo isadzaze mpaka m'milomo, chingwe chiziyang'aniridwa m'mawa uliwonse. Wokoka aime chapatali, chingwe chikhale chopendekeka, osati iye kuima pansi penipeni pa katundu. Chulukitsani 48 ndi 7 muone ngati pali chipewa cha zimenezo.

Popeza tikunena za Lilongwe, musaiwale mphepo. Mu Okutobala ndi Novembala kamvuluvulu amabwera masana kuli zii, nthawi yomwe aliyense watsika kukadya, ndipo lata losakhomera lomwe lasiyidwa pa mitengo ya denga limauluka n'kutsika ngati chikwanje. Lata lililonse lomwe lakwera likhomeredwe kapena limangidwe ndi chingwe anthu asanatsike, kaya akupita kokadya kaya aweruka. Kuika njerwa pamwamba pa malata ndi kungowonjezera chinthu china chodzagwa.

Ngakhale mutachita zonsezi, tsiku lina china chake chidzagwabe, choncho pansipo pasapezeke munthu. Izi zili m'manja mwanu kuposa wina aliyense, chifukwa ndinu mumagawa ntchito m'mawa. Ngati akalipentala ali kumpoto kwa nyumba, osakaniza matope ndi okankha mawilibala akhale kummwera. Tsiku lophwasula mashatala, pansi pa silabu pakhale okhawo ophwasula. Malo oletsedwa atchingidwe ndi mitengo kapena chingwe chooneka bwino, ndipo musawapanikize kukhoma, chifukwa chinthu chakugwa chikagunda mtengo wa nsanja chimanjanja n'kukatera patali. Pa nyumba ngati yanuyi ine ndingasiye mamita atatu kapena anayi. Polowera m'nyumbamo sankhani khomo limodzi, mulimangire kadenga ka matabwa ochindikala, makomo enawo mutseke. Ndipo yang'anani anthu omwe sali pa buku lanu la malipiro: mayi wogulitsa mandasi yemwe amakonda mthunzi wa nsanja, ophika nsima, ana otola tizidutswa ta matabwa, odutsa pamsewu. Amenewa palibe anawapatsa chipewa.

Tsopano za diso, ndipo apa ndikupemphani kuti musachedwe. Wothandizira uja apite akapimidwe kuchipatala cha maso ngakhale akunena kuti ali bwino. Ku Lilongwe kuli chipatala cha maso pa Kamuzu Central, komanso ku Nkhoma. Kachitsulo kakakhala pa khungu loonekera la kutsogolo kwa diso kwa maola ochepa chabe kamasiya dzimbiri, ndipo kamtengo ka machesi kamachotsa chitsulocho n'kusiya dzimbirilo pamodzi ndi bala lomwe lingalowe matenda. Choopsa kwambiri ndi kachitsulo komwe kathethekera pomenya chitsulo ndi chitsulo chinzake. Kameneko kamathamanga moti kamatha kuboola n'kulowa mkati mwa diso, bala lake n'kukhala laling'ono losaoneka, ululu wake wochepa, munthu n'kupitiriza ntchito. Patapita miyezi chitsulocho chimawononga diso pang'onopang'ono. Akafika kuchipatala anene momveka kuti ankadula kapena kumenya chitsulo, chifukwa mawu amenewo ndi omwe amachititsa dokotala kufufuza zamkati.

Uzani anyamata anu onse kuti diso salitikita, salinyambita, ndipo salichokocha ndi machesi, ngodya ya pepala kapena maginito. Fumbi wamba litsukidwe ndi madzi oyera. Simenti kapena laimu zikalowa, madzi athiridwe mosalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenako kuchipatala, chifukwa zimenezi zimawotcha diso. Koma chinthu chikabaya n'kukhazikika, musachizule, musathire kanthu, musapsinje. Vundikirani disolo ndi kapu yoyera kapena tako la botolo lapulasitiki lomwe mwalidula, mumate ndi tepi osakhudza diso, munthuyo anyamuke.

Taonani kuti wovulala anali wothandizira, osati mwini grinder, makina odulira ndi kusalaza zitsulo. Zimakhala choncho kawirikawiri. Magalasi amaperekedwa kwa mmisiri, pomwe wogwirizira chitsulo, yemwe nkhope yake ili chapafupi ndiponso mbali yomwe zothetheka zikulowera, alibe kanthu. Aliyense woima pafupi avale, ndipo malo odulira zitsulo akhale pakona pawokha, otchingidwa ndi malata kapena matabwa. Magalasi ake akhale otchinga ndi m'mbali momwe, olembedwa EN 166 kapena Z87+. Pa EN 166 chilembo F chimasonyeza kuti anayesedwa ndi kampira kachitsulo kothamanga mamita 45 pa sekondi, chilembo B mamita 120 pa sekondi. Magalasi a dzuwa ogula pamsika si amenewo, ndipo akasweka amangowonjezera zolowa m'diso. Wodula ndi grinder avale magalasi mkati, chotchinga nkhope yonse pamwamba.

Chifukwa chake ndi disiki. M'mphepete mwa disiki yodulira mumathamanga mpaka mamita 80 pa sekondi, omwe ndi makilomita 288 pa ola, ndipo ikasweka zibenthu zake zimachoka pa liwiro limenelo. Disiki iliyonse ili ndi malire a kuzungulira kwake olembedwa pamwamba: ya mamilimita 115 pafupifupi 13,300 pa mphindi, ya mamilimita 230 pafupifupi 6,600. Grinder yaing'ono imazungulira cha m'ma 11,000. Ndiye mmisiri akachotsa chotchinga disiki kuti disiki yaikulu ikwane pa grinder yaing'ono, wachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: wayendetsa disiki mopitirira kwambiri malire ake, ndipo wachotsa chokhacho chomwe chikanagwira zibenthuzo. Grinder yopanda chotchinga isagwire ntchito pamalo panu, ngakhale itakhala ya mmisiri mwini wake. Onaninso kamkombero kachitsulo ka pakati pa disiki, pamadindidwa mwezi ndi chaka chomwe imathera ntchito, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pomwe inapangidwa. Disiki yomwe yagwa pansi, yanyowa kapena yang'aluka itayidwe, ndipo yopyapyala yodulira asaigwiritse cham'mbali posalaza chitsulo.

Zina ndi zazing'ono koma zimathetsa maso ambiri. Tchizulo yomwe mutu wake waphwasuka m'mbali chifukwa chomenyedwa isalazidwe isanayambe kuthothoka. Misomali ya konkire ndi yolimba koma yosachedwa kuthyoka, ikamenyedwa mokhota imauluka. Ophwanya miyala ndi nyundo, odula matailosi, odula waya womangira zitsulo, onsewa akufunika magalasi. Ndipo ngati muli ndi kompulesa, aliyense asadzipemerere nayo fumbi pa zovala.

Tibwere ku funso lanu. Musawadule malipiro. Lamulo la Employment Act la 2000 sililola wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Zomwe limatchula ndi monga chenjezo lolemba, kuimitsidwa pa ntchito kwa kanthawi ndi kutsitsidwa udindo. Mukayamba kudula, mudzakapezeka ku ofesi ya za ntchito mukuyankha mlandu inu, pa nkhani yomwe munali ndi mfundo. Komanso chindapusa chimaphunzitsa anthu kuyang'anira komwe kapitawo ali, osati komwe hamala ili, ndipo chimawatseka pakamwa. Za hamala ina yomwe idzagwe inu mulibe simudzamva. Lamulo lanu likhale lalifupi: wopanda chipewa salowa mkati mwa mpanda, wavula watsika n'kukaima kunja, akabwereza chenjezo lolemba. Ndipo likhudze aliyense, inuyo, injiniya, ndi abwana akabwera Loweruka ndi alendo awo. Anyamata akaona mwini nyumba akuyenda mutu uli pamtunda pansi pa nsanja, zonse zomwe mwalankhula sabata yonse zathera pomwepo.

Akamati kukutentha akunena zoona, ndipo muwamvere. Tengani chipewa chimodzi muchivale nokha kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko. Mwina mupeza kuti malamba a mkati ndi olimba ngati waya, kansalu ka thukuta kanachoka, kapena chipewa chimodzi akusinthana anthu atatu. Aliyense akhale ndi chake cholembedwa dzina ndi cholembera, chosinthika kukula kwake, ndipo ogwira m'mwamba akhale ndi lamba wa pachibwano, apo ayi chipewacho n'chomwe chidzagwere anzawo. Zilipo zokhala ndi timabowo ta mpweya tochokera kufakitale, koma kudziboolera nokha ndi msomali wamoto kumafooketsa chipewa. Mpata wa pakati pa malamba ndi chigoba, womwe suyenera kuchepera mamilimita 25, ndiwo umagwira ntchito yonse yomeza mphamvu, choncho si posungira foni, fodya kapena ndalama, ndipo chipewa chochotsedwa malamba changotsala beseni. Dzuwa limadya pulasitiki. Chikatuwa, chikayamba kuchita mwaye kapena kulira mukachifinya m'mbali, chatha. Chomwe chamenyedwa kamodzi mwamphamvu chathanso ngakhale chikuoneka chabwinobwino. Tsiku lomwe chinapangidwa limadindidwa kunsi kwa kakhonde kakutsogolo, ndipo opanga ambiri salola kupitirira zaka zisanu. Chopanda chidindo cha muyezo uliwonse, kaya EN 397 kaya SANS 1397 wa ku South Africa, ndichikayikire. Magalasi nawonso, akakalikakalika moti munthu saona mzere womwe akudula, amawavula kuti agwire bwino ntchito, ndipo pamenepo wolakwa si iye.

Za tsoka losanunkhazo, ayankheni ndi hamala yawo yomwe. Inagwa, aliyense anaimva kulira mu wilibala, ndipo chomwe chinaigwetsa chikudziwika. Gulani kabuku, muzilembamo chilichonse chomwe chagwa kapena kuuluka ngakhale sichinakhudze munthu: chinachokera pati, nthawi yanji, mwakonza chiyani. Wonena asadzudzulidwe. Pakatha mwezi mudzaona kuti ndi malo awiri kapena atatu omwewo omwe akubwerezabwereza.

Munthu akamenyedwa m'mutu, kaya anavala chipewa kaya ayi, musamubwezere pa nsanja chifukwa choti wadzuka n'kuseka. Magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, munthu akulankhula bwinobwino, n'kudzakomoka patapita maola. Ngati anakomoka ngakhale pang'ono, akusanza, akuwodzera, akusokonezeka, mutu ukupweteka mowonjezereka, kapena madzi kaya magazi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, thamangirani naye kuchipatala. Akadandaula khosi, dzanzi kapena kufooka kwa manja ndi miyendo, musamukhazike tsonga, mugwirizireni mutu kuti usagwedezeke ndipo anyamulidwe atagona pa thabwa. Usiku umenewo asagone yekha, ndipo asamwe mowa.

Abwana akadzati ndalama palibe, akumbutseni kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo pa wolemba ntchito, kuphatikizapo kupereka zodzitetezera popanda kulipiritsa wantchito, ndipo oyendera malo a ntchito ochokera ku Unduna wa za Ntchito ali ndi mphamvu zolowa pamalo panupo. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wovulala pa ntchito alandire chipukuta misozi, ndipo ngozi iyenera kunenedwa ku ofesi ya za ntchito. Musayese kuti waganyu sawerengedwa. Ya diso ija ilembeni lero lomwe, tsiku lake, mboni zake ndi zomwe achipatala apeze, ndipo pokaonana ndi abwana mutenge pepala losonyeza mtengo wa mbedza yotseka, chingwe chatsopano, chotchinga cha grinder ndi magalasi a othandizira onse.